Nsapato Zimatsala pa Doko

Boti la Dao Rueang tidalipeza Loweruka m'mawa litagona cham'mbali m'matope, pokhotera pachiwiri pa mtsinje wa Khlong Hin. Madzi anali ataphwa, nkhanu zikuyendayenda pansi pake, ndipo kamvula kosadziwa kukata kaja kankangowaza. Tidayala matabwa pamatope kuti tilifikire. Ndisanakwere ndidavula nsapato n'kuzisiya pathabwa, chifukwa kuno palibe amene amaponda boti atavala kuphazi. Ife Abuda timaopa kukwiyitsa Mae Ya Nang, mzimu wa boti umene timaumangirira nsalu ndi maluwa kutsogolo, pomwe anzathu Asilamu amaopa mwini boti ndi matabwa ake odula.

Kaputeni Prayong anali chigonere pansi pa chiwongolero, bala lili kunkhongo. Amene adamumenyayo adamufunditsa thaulo kumaso n'kuzimitsa injini bwinobwino. M'dengu la kumbuyo, momwe oyenda ndi boti amaponyamo nsapato zawo, munali za kaputeni zokha, zoyera zansalu. Mapazi a amene adatsika, madzi anali atafufuta kalekale.

Prayong ankadyera kusamutsa maboti a anthu olemera. Mvula ikayamba, eni ake ali phee ku Bangkok, iye amawachotsa m'madoko a ku Phuket, kuima pa doko la pachilumba cha Ko Lamphu kumwetsa mafuta ndi kudikira kuti madzi akwere, poti kuno nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, kenako kulowa mumtsinje mpaka pa doko la Khlong Hin, komwe mphepo siifika. Ulendo uno adatsala pang'ono kufika.

Malo amenewo ndimadana nawo. Chaka chatha pamenepo padamira Tukta, mwana wa mlongo wanga Sawaeng, akuchokera kusukulu m'kabwato ka bambo ake. Boti loyera lidadutsa mwa liwiro mvula ili mkati, funde lake n'kuwagubuduza, ndipo silidaime. Maboti oyera onse amafanana mvula ikamagwa, choncho mlandu udangozilala. Ndidayang'ana kumbali kuti wapolisi mnzanga amene ndidapita naye asaone nkhope yanga.

Foni idalira. Anali bwana wanga.

"Nuan, usadzitopetse ndi matopewo. Munthu tam'gwira kale."

"Ndani, bwana?"

"Bang Dolah, wogwira zingwe wake uja. Dzulo anatukwanizana ndi kaputeni pa Ko Lamphu anthu akuona. Lolemba m'mawa ndikufuna nkhaniyi itapita kukhoti."

Bang Dolah ndimamudziwa. Ali ndi mkazi ndi tiana tating'ono totsatizana ngati masitepe, ndipo mlandu wakupha kuno sauseka. Akapulumuka imfa, ndiye kuti akafera kundende.

*

Mlonda wa pa doko la Khlong Hin, Lung Chaem, ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba kukuuza mbiri ya wotchi. Ndidamupeza m'kanyumba kake akumwa khofi wakuda, wailesi ya maboti ikuchita phokoso pambali.

"Prayong? Ine ndinanena! Ndinanena kuti ameneyu liwiro lidzamudya. Mtsinje uno amauyesa msewu wa ndege. Zikwangwani tinakhoma zoti chepetsani moto, iye amaziwerenga ndi nkhongo."

"Amalume, anakuyimbirani dzulo?"

"Anayimba chakumadzulo, mvula itafika poipa. Akuti, 'Chaem, ndanyamuka pa Ko Lamphu, konza malo.' Ine ndikuti uli wekha kodi, nditume munthu adzakulandire chingwe? Akuti, 'Ayi, tili awiri.' Kenako anaseka kaseko kake kaja konyoza."

"Anatchula dzina?"

"Dzina la chiyani? Awiri ndi iye ndi Dolah, nanga ndani? Ine ndinadikira mpaka madzi anayamba kuphwa, n'kuganiza kuti basi abwerera. Mwana wanga, khofiyu umwako? Nkhope yako ikuoneka ngati ya munthu amene wagona ndi njala."

Ndidakana khofi. Mawu akuti awiri anali okwanira kumangitsa Dolah, ndipo bwana wanga akadawamva akadavina.

Ndikutuluka pachipata amayi adandiyimbira, ndipo monga mwa masiku onse sadayambe ndi moni.

"Nuan, ukamabwera ugule mankhwala a zilonda ndi mabandeji. Mlongo wako wadzicheka mapazi ndi zigoba dzulo kokagwira nkhanu. Akukana kupita kuchipatala."

"Amayi, ndili pa ntchito. Munthu wafa kuno."

"Anthu amafa tsiku lililonse. Mlongo wako ndi mmodzi."

Ndidadula foni ndili wokwiya. Chimwalirire Tukta, achimwene angawo, a Sawaeng, akhala ngati mwana wachiwiri wa amayi. Mkazi adabwerera kwawo, kabwato kakuwolera pansi pa nyumba, ndipo nkhanu zawo amakagulitsa m'madoko pokwera boti la anthu onse. Ndidalumbira kuti mabandejiwo adikira.

*

Bang Dolah adakhala pansi m'chitolokosi, msana kukhoma, miyendo atatambasula. Mapazi ake anali osalala, opanda ngakhale kachilonda.

"Bang, munakangana chiyani ndi kaputeni?"

"Zakale, bwana."

"Zakale ziti?"

"Za moto. Ndinamuuza kuti lero mumtsinje uchepetse. Iye akuti ngati ukuopa madzi kalime mphira. Ndiye ndinatenga chikwama changa n'kutsika. Linali Lachisanu, ndinapita kumzikiti."

"Kumzikiti anakuonani masana. Boti linanyamuka madzulo. Pakatipo munali kuti?"

"Ndimayenda m'munda."

"M'mvula?"

"Mvula siluma, bwana."

Munthu wosalakwa amakuwa, amalumbira pa ana ake, amatchula mboni ngakhale zabodza. Uyu ankayankha ngati akuwerenga za munthu wina, ndipo zimenezo zidandipsetsa mtima kuposa bodza.

"Tamverani, Bang. Kaputeni ananena pa wailesi kuti ali awiri. Ngati wachiwiriyo si inu, ndi wina, ndipo inu mukumudziwa. Lolemba mukupita kukhoti. Ana anu adya chiyani, mchenga?"

Apo adayang'ana pansi.

"Pali mawu amene ndinalankhula dzulo, amene ndinawasunga chaka chathunthu. Akanakhala mawu amabwezedwa m'kamwa, ndikanawabweza. Amene anapha kaputeni ndi pakamwa pangapa."

"Munauza ndani? Munamuuza chiyani?"

Adakweza maso n'kundiyang'ana koyamba chilowereni, ndipo m'masomo munali chisoni chondimvera ine, osati iye mwini.

"Bwana Nuan, lembani zimene abwana anu akufuna. Koma ku Ko Lamphu musapiteko."

*

Lamulungu m'mawa ndidali ku Ko Lamphu. Nyanja inali yotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo maboti oyera anali ndanda m'mbali mwa milatho yoyandama, atafunditsidwa malona, opanda munthu. Ka Sanah, amene amamwetsa maboti mafuta kumapeto kwa mlatho, ankasesa madzi pakhomo pa kasitolo kake. Mayi ameneyu mawu ake amamveka kutsidya, ndipo saopa yunifolomu.

"Mwabwera? Mwamanga munthu wopemphera, mwasiya akuba mafuta ali yakaliyakali, ndiye mwabwera kudzatani? Kudzamanga ine?"

"Ndabwera kudzamva, Ka. Boti la Dao Rueang linaima pati?"

"Apa, pamphuno pangapa. Ndinalimwetsa ndekha. Atukwanizana, Dolah watsika, wavala nsapato zake, uyo wapita. Prayong watsala akutafuna mano. Anandifunsa ngati ndili ndi munthu womugwirira zingwe, ine ndikuti munthu wanga ndimufune wamoyo."

"Pambuyo pake anabwera ndani?"

"Ndiona bwanji? Mvula inabwera ya chidima, yoti dzanja lako sulionanso. Tonse tinathawira kuseli, kwa ophika. Ogulitsa nsomba, a nkhanu, a zipatso, tonse mulu umodzi. Ndinangomva injini ikulira. Pomwe ndimatuluka, boti kulibe, chingwe changa chimodzi chili m'madzi. Galu ameneyo, Mulungu andikhululukire poti wafa, sanandisiyire ngakhale zikomo."

"Palibe chimene chinatsala? Chikwama, chipewa, chilichonse?"

"Zinyalala basi. Ndi mapatapata a munthu, amene mpaka lero sanabwere kudzatenga."

Ndidamufunsa kuti anali pati, ndipo adaloza ndi tsache m'mphepete mwa mlatho, penipeni pomwe pamakhala khomo la boti likaima.

"Ndiye zinandidabwitsa," adatero. "Woyenda ndi boti nsapato amaponya m'dengu, apo ayi akatsika opanda kanthu kuphazi. Amene amasiya pamlatho ndi mlendo, wongolowa kukapereka moni kapena kukagulitsa kanthu n'kutuluka. Ndiye mlendo wanji amene analowa osatulukanso? Ndinafunsa onse a kuseli, aliyense ali ndi zake kuphazi."

Wachiwiri uja sanali wa ulendo ayi. Adalowa kuti alankhule mawu awiri, boti n'kunyamuka naye. Ndipo munthu ameneyo adatsika m'matope a Khlong Hin opanda nsapato, n'kudutsa m'mitengo ya m'madzi momwe mizu yake idamera zigoba zakuthwa ngati malezala. Mapazi a Dolah ndidali nditawaona. Apo mawu a amayi adandibwerera, ndipo ndidakumbuka kuti wogwira nkhanu salowa m'matope popanda majombo.

"Anawasiya mwaulemu, mwini wakeyo," Ka Sanah adapitiriza ali chowerama kuseli kwa migolo. "Ataphatikiza bwinobwino, zala zitaloza kumtunda. Awa."

Anali mapatapata abuluu, akutha kuchidendene, lamba wina womangidwa ndi ulusi wa ukonde. Pa lililonse panali kaduwa kopindika kojambulidwa ndi utoto wofiirira wa m'zikhadabo. Utotowo unali wanga. Tukta adauba m'chikwama changa n'kujambula timaluwato kuti bambo ake asamasokoneze mapatapata awo ndi a anthu ena pakhomo la kachisi, ndipo tsiku limenelo ndidamukalipira mpaka adalira.

"Bwanji, mwana wanga? Mukuwadziwa?"

"Ndipatseni pepala lapulasitiki, Ka."

*

Pobwerera ndidakhala kumbuyo kwa boti la polisi, woyendetsa atandifulatira, phukusi lili pamiyendo. Pakati pa Ko Lamphu ndi kumtunda pali pakuya poti ngakhale asodzi sadziwa pansi pake. Ndidatulutsa dzanja kunja, phukusi lili lendelende pamwamba pa thovu. Palibe akadaona. Ka Sanah akadaiwala sabata isanathe, bwana wanga akadapeza Lolemba lake, ndipo amayi akadatsala ndi mwana wawo.

Akuti chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo ine fupalo lidandiwawa mpaka m'mano. Achimwene ndiwo adandiphunzitsa kusambira. Ndiwo adasiya sukulu bambo atamwalira kuti ine ndipitirize. Koma Bang Dolah anali chikhalire pa simenti, wokonzeka kusiya ana ake chifukwa choti adanena zoona kwa bambo wofedwa. Dzanja lidachita dzanzi, ndipo ndidalibweza.

"Tilowere kumudzi kwathu," ndidauza woyendetsa. "Ukaime pa mlatho wa matabwa."

Ndidagula mabandeji pa kasitolo ka pagombe. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndidagula.

*

Achimwene anali pakhonde, miyendo ili pa mpando, mapazi atakulungidwa ndi zidutswa za chitenje chakale cha amayi. Magazi anali atabowola nsalu. Amayi ankasenda adyo pafupi ndi chitseko.

"Wakumbuka kuti uli ndi kwanu?" adatero amayi. "Mankhwala aja wagula?"

Ndidawapatsa mabandeji. Kenako ndidatulutsa mapatapata m'pepala n'kuwaika pansi patsogolo pa achimwene. Adawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwatola, n'kupukuta kaduwa kamodzi ndi chala chachikulu.

"Ndimaopa kuti agwera m'madzi," adatero. "Usiku wonse ndimangoganiza zimenezo. Osati za munthu uja ayi. Za awa."

"Achimwene, musalankhule kanthu musanaganize. Ndabwera ndi yunifolomu."

"Ndakuona, Nuan. Maso ndili nawo."

Amayi adasiya mpeni. "Mukunena chiyani inu awiri?"

Achimwene adalankhula osakweza mawu, ngati akufotokoza mtengo wa nkhanu.

"Ndinakumana ndi Bang Dolah pachipata cha doko, akutuluka, ine ndikulowa ndi dengu langa. Anandigwira dzanja. Akuti, 'Sawaeng, ndatopa kusenza. Boti loyera lija tinali ife. Ndinamva kukuwa, ndinauza kaputeni kuti aime, iye anati madzi akuphwa, tikaima tigona pamatope.' Ndinakhala pansi pamenepo mpaka mvula inayamba. Kenako ndinapita."

"Kukatani?"

"Kukamufunsa. Ndinkafuna andiyang'ane, atchule dzina la mwana wanga, basi. Ukuganiza kuti wopita kukapha munthu amavula mapatapata?"

Adasisitanso kaduwa kaja n'kupitiriza.

"Ndinamupeza akumasula zingwe yekha. Ndikuti ndili ndi mawu. Akuti, 'Madzi sadikira mawu. Gwira chingwe icho, tikambirana m'njira, ndikakutsitsa kwanu ndi kandalama ka khofi pamwamba.' Ndinagwira, Nuan. Ndinamugwirira chingwe munthu ameneyo. Panyanja ponse ndimayesa kuyamba, iye ali pa wailesi, ali ndi mvula, ali ndi mafunde. Titalowa mumtsinje ndinamuuza kuti ndine ndani."

"Anati chiyani?"

"Anati pepani. Anatero ndithu, maso ali kutsogolo, ngati waponda munthu chala pamsika. Akuti ngozi ndi ngozi, nanunso ana muziwaveka zoyandamitsa. Ndinameza. Mulungu wa Dolah ndi mboni, ndinameza. Koma titayandikira pokhotera paja anayang'ana madzi, anaona kuti ayamba kutsika, n'kukankha moto wonse. Pomwe paja, Nuan. Ndinacheuka, ndinaona funde likukwera m'mitengo mbali zonse ziwiri, lalitali kuposa munthu. Sindinalionepo kuchokera pamwamba. Chitsulo chokokera zingwe chinali m'manja mwanga."

Amayi adayamba kulira mopanda mawu, adyo ali mbwee pansi.

"Thaulo lija?" ndidafunsa, poti pakamwa pa wapolisi sipadziwa kutseka.

"Maso ake anali otsegula. Ndipo Mae Ya Nang wa boti limenelo sanandilakwire, ndiye ndinazimitsa injini kuti isapse."

"Bang Dolah ali m'chitolokosi. Akuti ndiye anapha, ndipo iye sakukana. Mawa apita kukhoti."

Apo mpamene nkhope yawo idasintha. Adatsitsa miyendo pampando, ululu n'kuwakwinya pamphumi.

"Dolah? Ndi tiana take tija? Bwanji sunayambe ndi zimenezo?"

"Nuan!" Amayi adandigwira mkono ndi zala zonunkha adyo. "Ndani wawaona mapatapatawa? Ndani? Ndinaika mdzukulu m'moto wa maliro chaka chatha, lero ukufuna unditengere uyu? Sukulu imene unaphunzirayo analipira ndani?"

"Amayi, musiyeni," adatero achimwene. "Akanawataya, bwenzi ine nditapita ndekha. Mwina osati lero, koma bwenzi nditapita."

Sindikudziwa ngati zinali zoona. Ndidasankha kuzikhulupirira, chifukwa popanda zimenezo sindikadatha kuimirira.

Ndidagwada n'kumasula zitenje zija, kutsuka mabala, kumanga mabandeji atsopano. Pansi pa mapazi panali pong'ambikang'ambika, tizigoba tina tikadali mkati. Sadabuule. Nditamaliza adalowetsa mapaziwo m'mapatapata pang'onopang'ono, ndipo ndidawalola, ngakhale lamulo silitero. Njira ya kugombe ndi ya miyala.

Tidayenda atatsamira paphewa langa, amayi akutsatira m'mbuyo opanda ambulera. Anthu adasuzumira m'mawindo, koma palibe adafunsa. Mvula inali itayambanso, ndipo madzi anali akukwera pansi pa mlatho wa matabwa pomwe boti la polisi linkadikira.

Pamapeto pa mlatho achimwene adaima. Adavula mapatapata, adawerama movutikira, n'kuwaphatikiza, zala zitaloza kumtunda. Ndi momwe amayi adatiphunzitsira tili ana, kuti nsapato zikaloza kumudzi, mwini wake nyanja imamubweza. Kenako adatsikira m'boti n'kukhala, manja pamaondo.

Amayi adawerama kuwatola. Adawakumbatira pachifuwa, matope ndi magazi zikudetsa bulauzi.

"Ndikawasungira," adatero. "Ndikawaika pakhomo."

Ndidatambasula pepala lapulasitiki lija. Ndidalitsegula pakamwa n'kuyandikira amayi.

"Amayi, bweretsani. Amenewo ndi umboni."